Mizere Itatu, Malipiro Akale

Lolemba, 2 Juni

Malipiro alowa. Omwe aja. Mizere itatu ya usajeni ndinaisokerera pamkono chaka chatha, koma kulikulu akundilipirabe ngati konsitabulo. Mwana wanga akuti mwina ndiziichapa kwambiri kuti aione.

Lachiwiri, 3 Juni

Tsiku lonse padzuwa, kuperekeza anamwino pa zionetsero zawo zofuna malipiro abwino. Nyimbo zake zokoma, phazi limangodzivinira m'jombo. Wamtali, mnzanga wa pakauntala, anandinong'oneza kuti, "Asajeni, mwayamba kuyimba nawo." Apolisife sitinyanyala ntchito, timangolondera onyanyala. Nsanje inandigwira, sindibisa.

Lachinayi, 5 Juni

Alamu, aja akalaliki a kukhoti, anabwera kudzabwereka ayironi. Ndinawakhuthulira zonse. Iwo amvekere, "Mlamu, kunyanyala ndiye anakuletsani, koma malipiro oyenera ntchito yanu lamulo limakutetezani ngati wina aliyense. Yunifolomu siifufuta zimenezo. Yambirani kwa bwana wanu, zikakanika makhoti alipo."

Kuyankhula n'kosavuta ngati sumudziwa Namondwe, mkulu wa siteshoni yathu. Womaliza kudandaula anatumizidwa kumalire, kopanda ndi netiweki yomwe. Mwana wanga alemba mayeso chaka chino. Kumusuntha sukulu panopa ndiye kumupha.

Lachisanu, 6 Juni

Perete wa m'mawa. Lachisanu lililonse Namondwe amafunsa kuti, "Pali dandaulo?" ndipo tonse timayankha ngati ana a sukulu, "Palibe, bwana." Funsolo ndi lokongoletsa chabe, aliyense amadziwa.

Lero pakamwa panditsogolera. "Lilipo, bwana."

Ndinanena za mizere, za malipiro, mpaka za lamulo la alamu lija. Namondwe anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka jombo. "Lolemba, mu ofesi mwanga."

Loweruka, 7 Juni

Anzanga akundilambalala ngati ndili ndi chimfine. Wamtali yekha ndiye wandiyandikira, kudzapempha kuti ndikamapita kumalire ndimusiyire mpando wanga wosagwedera uja. Chitsiru.

Lamulungu, 8 Juni

Ndapempha makatoni awiri olongedzeramo katundu kugolosale. Mwana sindinamuuze. Ndikuopa.

Lolemba, 9 Juni

Jombo ndinapolisha mpaka kudzioneramo, kuti ngati n'kuthamangitsidwa ndithamangitsidwe ndikuwala.

Namondwe anatseka chitseko yekha. "Khalani pansi, Asajeni." Mu ofesi imeneyo munthu sakhala, timaimirira mpaka atatopa nafe. Ndinakhala chakumapeto kwa mpando, kudikira dzina la dera langa latsopano.

Iwo ankangotembenuza cholembera. Anafunsa ngati mwana ali bwino. Ndinati eya. Kenako anasuzumira pawindo, n'kutsitsa mawu.

"Za kumalire iwalani, palibe akupita. Koma lamulo munkanena lija, limathera pa masajeni?"

Ndinati sindinamve bwino, bwana.

Akuti chipumire mkulu wakale, iwo akuyendetsa siteshoni yonse pa malipiro a wachiwiri. Analembera kulikulu mpaka kutopa, akazi awo anasiya ndi kufunsa komwe. Namondwe weniweni, kuyankhula ngati munthu wodzapereka dandaulo pakauntala. Chifundo chinandigwira, kuseka nakonso kukufuna kutuluka.

Anatenga chipewa ndi makiyi a galimoto.

"Alamu anuwo amaweruka nthawi yanji?"