Ndinaona Pidoy Alibe Mutu

Punta Bulawan,
Lachinayi masana.

Okondedwa Manang Luding,

Moni achemwali anga. Muli bwanji ku Milan kumeneko? Bondo lija linaphwa, kapena mukukwerabe masitepe a gogo wa Chitaliyana mumamusamalira uja mukukukuta mano? Kuno tilipo. Amayi athu, Nanay, akumwa mankhwala awo a mtima, ngakhale m'mawa uliwonse timayamba takangana kaye. Mwamuna wanga Efren ali bwino, akungonenepa.

Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kujambula ndi foni m'malo mokuimbirani. Makoma athu mukuwadziwa, ndi nsungwi zokhazokha, ndipo makutu a Nanay amagontha pokhapokha ukamawauza za mankhwala. Nkhani iyi asaimve. Mukawerenga musaiponye pa gulu la banja lija.

Zithunzi munaziona, sitima ya Pidoy inabweradi Lachiwiri. Zaka zisanu ndi chimodzi mlongo wathu akuchapa nsalu m'mimba mwa sitima ya alendo ija, ndipo aka kanali koyamba kuti iime pakhomo pathu penipeni. Anamupatsa maola asanu ndi awiri ndi theka okha. Boti loyamba limafika naini koloko, lomaliza limanyamuka hafu folo, ndipo wotsalira ndi wotsalira.

Tauni yonse inapenga monga imachitira sitima ikabwera. Anasesa mchenga, anthu a ng'oma anafola padoko, a njinga zamoto anavala malaya ofanana ngati akwaya. Ine ndinayatsa mbaula yanga m'mamawa pamalo panga paja, pafupi ndi Nang Soling wogulitsa mikanda ya zigoba. Nthochi zokazinga, nsomba zowotcha, madzi a kokonati. Tsiku la sitima sitijomba, ngakhale kubwere mlongo.

Sitimayo siyandikira, madzi athu ndi osaya. Inaima kutali, yoyera mbee, n'kumalavula timaboti tachikasu ndi tofiira. Ndinasiya mbaula n'kukaima kumapeto kwa doko.

Boti loyamba litayandikira, ndinamuona ataimirira kumbuyo, atavala malaya achikasu, dzanja lili m'mwamba kundibayibitsa. Mapewa anali ake, dzanja lake, wotchi yake ija munamugulira. Koma pamwamba pa kolala panalibe kanthu. Ndinkaona nyanja pamalo oyenera kukhala mutu.

Sikunali kuphethira kumodzi ayi. Ndinawerenga mpaka katatu. Kenako boti linagunda matayala a padoko, mutu n'kubwerera, akuseka, mano onse pamtunda.

Mudzati linali dzuwa. Inenso ndinadziuza choncho. Koma azungu onse anali naye m'botimo mitu yawo inalipo, ndi zipewa zomwe.

Inu mukudziwa chochita munthu ukaona malodza amenewa: kumuwomba mbama mwini wakeyo n'kuwotcha zovala zimene wavala, apo ayi amafa. Mukukumbukira pamaliro a Tatay, bambo athu, pamene Nang Soling anabwera akulira n'kuulula kuti anawaona opanda mutu akukankha bwato masiku atatu nyanja isanawatenge, koma anachita manyazi kunena? Munamukoka tsitsi pamaso pa ansembe. Munkakuwa kuti mbama imodzi ndi machesi amodzi zikanatisungira bambo athu. Pidoy anali wamng'ono, iye zimenezi sazikumbukira, koma ine ndinalipo.

Ndiye atangoponda padoko, manja atatambasula kuti andikumbatire, ndinamuwomba mbama. Yeniyeni, yomveka. Anthu a ng'oma anasokoneza kuimba. Mzimayi wina wachizungu anajambula, mwina ankaganiza kuti ndiwo malonje a kwathu kuno.

Anagwira tsaya, amvekere: "Manang Petang, mwapenga? Miyezi isanu ndi inayi osaonana, moni wake ndi ameneyu?" Anzake awiri a kochapira amene anatsika naye anaseka mpaka kugwirana. Mmodzi akuti aise, mlongo wako ali chonchi, nanga mkazi wako adzakhala wotani.

Ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse. Ndinamupempha kuti avule malayawo ndi thalauza, ndikaziwotche msanga. Anandiyang'ana ngati ndamupempha impso. Akuti wazungulira dziko kawiri, waona mafunde aatali kuposa tchalitchi chathu, ndiye aope chifukwa mlongo wake sanadye m'mawa? Akuti malayawo ndi atsopano, anagula awiri ofanana ku Singapore, ake ndi a mlamu wake Efren. Anandipsompsona pachipumi n'kunena kuti ndikagule magalasi.

Anapita kunyumba ndi Efren, ine n'kubwerera ku mbaula. Alendo anali atadzaza kale. Ankafunsa ngati nsomba ndi ya lero, ankatsika mtengo ndi zala, ankapempha kujambulitsa ndi mbaula. Ndinapsereza nthochi zambiri kuposa zimene ndinagulitsa.

Nang Soling anali ataona mbama ija. Anangoyandikira akukonza mikanda yake, n'kunena chapansipansi kuti mbama payokha imangochedwetsa, chimene chimatha nkhani ndi moto. Kenako anati: "Usakhale ngati ine, Petang. Ine zaka makumi awiri ndikulephera kuyang'ana mayi ako m'maso."

Masana ndinamusiyira mbaula n'kuthamangira kunyumba. Nanay anali ataphika ngati ukwati, nkhanu, nkhumba yowotcha, mpunga wa masamba aja amaukonda. Pidoy anali pakati, malaya achikasu ali pathupi, akusimba za mzungu wina amene amatumiza masokosi ake kuti asitidwe. Nanay ankaseka mpaka kutsokomola, dzanja lawo losachoka pamkono wake. Sindinawaonepo okondwa choncho chifereni Tatay. Ine maso anali pa malaya aja basi.

Cha m'ma thu koloko anati akufuna asambe m'nyanja ya kwawo. Akuti amagona pamadzi chaka chonse koma saloledwa kuviikamo ngakhale chala. Anatsikira kugombe kuseri kwa nyumba ndi Efren ndi anzake aja. Anavula malaya ndi thalauza, n'kuzipachika pamsasa wa maukonde.

Ndinadikira mpaka madzi atawafika m'khosi. Ndinatenga zovalazo, ndinapita nazo kuseri kwa khola la nkhumba, ndinathira palafini. Sindinapisemo m'matumba. Manang, sindinaganize n'komwe. Mtima unali pa moto basi, kuti zipse asanatembenuke.

Zitayaka ndinamva kupepuka kumene sindingathe kukufotokozerani. Ndinagwada n'kuthokoza Mulungu. Kenako kunabwera fungo la pulasitiki.

Ndinafukula ndi kamtengo. Inali khadi yake ya pasitima, ija amaionetsa pa makina potsika ndi pokwera, pamodzi ndi kapepala ka chilolezo chotsikira kumtunda. Kapepalako kanali phulusa. Khadi inali itapindika, dzina losawerengeka. Chithunzi chake chinasungunuka kuyambira pakhosi kupita m'mwamba, mapewa okha ndiwo anatsala.

Anandipeza ndili choncho, kamtengo kali m'manja. Madzi ankadontha m'tsitsi lake. Anayang'ana phulusa, anayang'ana khadi, ndipo sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangofunsa Efren kuti nthawi ili bwanji, Efren n'kuyankha kuti yadutsa fili koloko.

Anathamangira m'nyumba. Ndinamva akuuza Nanay kuti zovala zake zagwera m'matope. Anatuluka atavala thalauza la Efren lomangidwa ndi chingwe, ndi malaya achikasu. Mumtima ndinati watenga a mlamu wake aja, zilibe kanthu, oipawo apsa.

Padoko panali mzere wautali. Alendo anali atafiira ndi dzuwa, atanyamula zipewa za mlaza ndi mikanda ya Nang Soling. Mlonda wa sitima, bambo wamtali wa ku Nepal, anatenga khadi ija ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu. Akuti nkhope akuidziwa, amadya naye tebulo limodzi, koma makina sadziwa nkhope. Akuti wopanda khadi ndi chilolezo sakwera, lamulo si lake.

Pidoy anaima pambali. Boti linadzaza n'kupita. Linanso linadzaza n'kupita. Anzake aja anasiya kuseka, anakwera mitu ili pansi. Mlonda ankalankhula pa wailesi yake ya m'manja, kuyankhidwa, kudikira, kulankhulanso. Folo koloko sitima inaliza hutala.

Mukudziwa chimene chimachitika wantchito akatsalira. Amamulemba kuti wathawa, ndipo palibe kampani ina imene ingamutenge. Ndikuulula, Manang, ndipo Mulungu andikhululukire: mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti atsalire.

Ndinayesa kumugwira mkono. Anausuntha. Analankhula osandiyang'ana, amvekere: "Zaka zisanu ndi chimodzi ndachapa zonyansa za anthu, palibe bwana anandipezapo cholakwa. Wondichotsa ntchito akhala mlongo wanga, chifukwa cha nthano za agogo." Ndinati Pidoy, bola ukhale wamoyo wopanda ntchito. Iye anati: "Musadzandiimbirenso."

Patsala mphindi zochepa, boti lomaliza linabwera ndi bwana wake wa kochapira, mayi wonenepa wa ku Cebu. Anasaina mapepala ataimirira, anamukalipira pamaso pa tauni yonse kuti ndi mwana wa sukulu wotaya khadi, n'kumuuza kuti nkhani yake ikambidwa ndi akuluakulu, asayembekeze zabwino. Anamulola kukwera.

Sanatembenuke. Anaimirira kumbuyo kwa boti, msana uli kwa ife. Nanay anafika mochedwa pa njinga yamoto, anabayibitsa msana umenewo mpaka mkono unatopa. Ine ndinayang'ana pansi, ndinaopa kudzutsa maso.

Komabe Lachiwiri limenelo ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati andide, bola ndachita zimene Nang Soling analephera.

Dzulo m'mawa ndikupatsa Nanay mankhwala, anayamba kuyamikira malaya aja. Akuti nsalu yake ndi yabwino, siichedwa kuuma. Ndinafunsa kuti adziwa bwanji. Amvekere: "Iii, nanga si ndinawachapa? Mwana anafika thukuta lili kamukamu, ndinamuvula pakhomo pomwe. Ndinati sungadye ndi ine ukununkha boti. Anabwereka a Efren aja kuti avale podikira. Pomwe amati zovala zagwera m'matope, ake anali atauma kale, ndinali nditawasita. Ndinamuveka ndekha, mabatani onse."

Manang, ndinawotcha malaya a Efren. Amene ndinamuona nawo opanda mutu anakwera nawo sitima, osita bwinobwino ndi manja a mayi ake.

Ndinatuluka panja kuti Nanay asandione nkhope. Ndinakaima kuseri kwa khola, pa phulusa lija. Thalauza linapsa, inde, koma si thalauza limene ndinaona lopanda kanthu pamwamba pake. Ndinapita kwa Nang Soling kukafunsa ngati theka likwanira. Anangoyamba kulira.

Ndayesa kumuimbira, ananditsekera. Ndayesa pa foni ya Efren, atangomva mawu anga anadula. Nanay sindingawauze. Mtima wawo sungapirire kumva kuti ndi iwo anamuveka.

Kwatsala inu. Inu ndinu munamulipirira sukulu ya za panyanja, inu ndinu amakuopani. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ngakhale mawu akuti mutu sindikufuna n'kuwalemba komwe. Chonde muimbireni lero, musadikire Lamulungu. Pasitima saloledwa kuyatsa moto, ndikudziwa, koma kuli ng'anjo yowotchera zinyalala, iye mwini anatiuzapo. Aponyemo malayawo. Akakana, aponye m'nyanja, mwina Mulungu adzawerengera.

Musamuuze kuti ndakutumani. Namizirani chilichonse. Nenani kuti mwalota, nenani kuti ndi lonjezo munapanga kutchalitchi, mulalatireni ngati kale. Ngati akufuna kuti ndisadzamulankhulenso moyo wanga wonse, muuzeni ndavomera. Ngati amuchotsa ntchito, ndidzanyamula mlanduwo pamaso pa abale onse. Ndinalakwa posapisa m'matumba, ndipo ndikupepesa. Koma zimene ndinaona ndinaziona, ndipo ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo.

Loweruka sitima inyamuka ku Manila, ndipo kuchokera pamenepo akhala masiku anayi osaona mtunda. Akuti foni kumeneko imavuta.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Manong Berting ndi kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo ku Misa. Nanay akuti muzivala zofunda. Ambuye akusungeni, akupatseni mawu amene ine ndinalephera kuwapeza.

Chinthu chimodzi chotsiriza. Mukamamuimbira, musaimbe ya mawu okha, imbani ya kanema. Muuzeni aike foni patali pang'ono kuti mumuone bwino, kuyambira m'mapewa. Mukaona kuti zonse zilipo, ndilembereni msanga. Mukapanda kundilembera, ndidziwa.

Ndine mng'ono wanu,
Petang