Timapaipi Tiwiri Tandidyera Tchuthi

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mutu unkawavuta uja unaleka? Ine kuno thupi lili bwino, ntchito ya ku galaja ikuyenda, koma mtima ndiye ayi. Kalatayi muyambe mwawerenga muli nokha musanawawerengere amayi.

Sindibwera mwezi uno. Ndikudziwa kuti tsiku lochotsa ng'ala m'maso mwa amayi layandikira, ndipo ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti ndidzawagwira dzanja polowa ndi potuluka. Tchuthi ndinapempha kalekale, abwana anandipatsa. Palibe wandikaniza. Msampha ndadzitchera ndekha, ndipo ndikufuna mumve momwe zinakhalira.

Ndinakuuzanipo za eni nyumba imene ndikukhala, aja ndimawatcha Amayi a Pansi poti iwo amakhala pansi, ine chipinda cha pamwamba. Ndi a msinkhu wa amayi athu. Nditangofika kuno ndiwo anandipatsa bulangete lachiwiri ataona ndikunjenjemera pa masitepe. Amuna awo impso zinafooka, ndiye sabata iliyonse amapita kangapo kuchipatala kukatsukitsa magazi pa makina. Akaphonya amatupa mapazi ndi nkhope, kupuma kumavuta. Wowayendetsa pa galimoto ndi mayiwo. Mwana ali naye mmodzi, koma ali kutali ngati ine, amangoimba foni.

Tsiku lina anandiitana kuti pansi pa galimoto yawo pakudontha timadzi tobiriwira. Nditatsegula boneti sindinavutike kupeza. Pa injini pali kachitseko kolowetsa mpweya, kamene kamatseguka munthu akaponda moto. Ife timati thirotolo. Pamenepo pamafika timapaipi tiwiri ta labala, tonenepa ngati chala, tobweretsa madzi otentha a mu injini kuti kachitsekoko kazifunda. Kamodzi kanang'ambika pomwe pamagwira kilampu, kachitsulo kothinitsa paipi, ndipo madzi ankathawira pamenepo.

Ntchito yake ndi yodziwika: uitanitse kapaipi katsopano, upale dzimbiri pa kamlomo kachitsulo kovekapo kapaipiko, umange, uthire madzi, basi. Koma kapaipiko kakanatenga masiku kuti kafike, pomwe ine mutu unali kale paulendo, ndili kalikiliki kusakira ana anu nsapato. Ndiye ndinachita zija ankachita malemu bambo pa galaja yathu. Mukukumbuka? Ankazula timapaipi tonse tiwiri n'kutilumikiza tokhatokha, kuti madzi azingodutsa osafika pa kachitseko. Ankaseka kuti timeneto anaikira anthu a kumaiko ozizira, ife tilibe nato ntchito. Kwathuko ndachita zimenezi pa magalimoto osawerengeka, palibe ndi imodzi yomwe inabwerera.

Koma onani uchitsiru wa mlongo wanu, Achemwali. Ndinalumikiza timapaipito nditavala majekete awiri, mpweya wa m'kamwa ukutuluka ngati utsi, osaganiza n'komwe kuti dziko lozizira ankanena bambo lija ndi lomwe lino ndaimamo! Ndinapukuta m'manja modzitama, mayiwo n'kundipangira tiyi.

Sipanapite nthawi. Kunacha m'mawa wina wa nkhungu, kozizira koluma makutu. Amayi a Pansi ali panjira ya kuchipatala ndi amuna awo, chinyezi chinaundana pa kachitseko kaja poti panalibenso chokafunditsa, ndipo kanakakamira kali kotsegula. Pofika pa mphambano mayiwo anachotsa phazi, koma galimoto inangopitiriza kulira. Anakhotetsa kuzemba basi, n'kukagunda mtengo wa magetsi. Mulungu ndi wamkulu, abambowo sanavulale. Koma mayiwo dzanja lamanja linathyoka, pano lili mu pulasitala.

Galimoto itakokedwa kubwera ku galaja, abwana anasuzumira mu boneti, anaona polumikiza panga paja, kenako anandiyang'ana. Sanakalipe. Anangondifunsa ngati ndikudziwa mwezi umene tili. Bola akanandiwaza mbama.

Nditaweruka ndinakagogoda kwa Amayi a Pansi. Ndinawauza zonse, kuti asanamizire kukalamba kwa galimoto, cholakwa ndi dzanja langa. Ndinkayembekeza kuti andilozera chitseko ndi katundu wanga yemwe. M'malo mwake anati nawonso anandifulumizitsa tsiku lija, kenako anafunsa ngati ndadya. Achemwali, munthu akakutukwana umagona tulo, koma chifundo chotere chimakudya m'kati ngati chiswe. Abambowo anali pampando pafupi ndi zenera, mapazi ali tupu chifukwa tsikulo pa makina sanafike. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndisaime ngati wobwera kudzalonjera maliro.

Galimoto ndakonza tsopano, ndipo ndakonza momwe ndinayenera kukonzera poyamba. Timapaipi tatsopano tonse tiwiri, makilampu atsopano, kamlomo kaja ndapala mpaka kuwala. Ndinathira madzi, ndinatulutsa mpweya wotsalira m'mapaipi, ndinaisiya ikulira mpaka itatentha, ine nditagona pansi pake kuyang'ana dontho. Panali gwa, pouma. Kapaipi kandichititsa zonsezi kamakwana m'thumba la malaya.

Koma dzanja la munthu silimangidwa ndi kilampu. Adokotala akuti pulasitala achotsa mwezi wamawa. Oyandikana nawo onse m'mawa amakhala ku ntchito, ndipo abambowo pokwera galimoto amafuna munthu wowanyamula m'khwapa. Nthawi ya makina ndi yomweyo ya ku galaja. Ndinakapempha abwana kuti andiwonjezere masiku, anati tchuthi ndi chomwe chija, ndisankhe ndekha kochidyera. Mayiwo sanandipemphe kanthu, ndipo atamva anakana, amvekere ndipite kwa amayi anga, iwo aona chochita. Ndinawafunsa kuti chochitacho n'chiyani, anangoyang'ana pulasitala.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Mapanga awiri avumbwitsa. Amayi ali ndi inu, ali ndi alamu. Abambo awa analinso ndi dzanja lowayendetsa, ndipo wolithyola ndine. Ndikanyamuka ulendo n'kumva kuti atupa mpaka kugonekedwa, ndidzawayang'ana bwanji amayi ndi maso awo atsopanowo? Ndiye ndayamba kale. Abambowo ndimawanyamula, ndimawadikira pa benchi ya m'khonde la chipatala, ndimawabweza. Pa benchipo anamwino amandiyesa mwana wawo, ndipo manyazi amandigwira, chifukwa amene ndine mwana wawo weniweni ali kumeneko akuwerenga masiku.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ndinu ndi amayi kuchipatala m'malo mwanga, ndipo muwauze zoona. Ndikukudziwani, mudzafuna kunditchinjiriza monga munkachitira ndikaswa mbale, mudzati abwana andikaniza. Chonde musatero. Muwauze kuti mwana wawo anadya mfulumira pa ntchito, munthu wavulala, ndipo watsala kuti akonze. Akakwiya, asiyeni akwiye, ndi ufulu wawo. Zoti njira ndinaitengera kwa bambo musatchule. Iwo ankadziwa dziko limene ankakhala.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze pa zonse akuchitira amayi. Moni kwa azakhali, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Nsapato zili pansi pa bedi, muwauze mapazi asafulumire kukula.

Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti amayi pa foni anati akadzawamasula bandeji, nkhope yoyamba kuiona ikhale yanga, poti chimerere ndevu sanandionepo bwinobwino. Ine ndinaseka, ndinati ndimeta kuti asadzathawe. Tsono tsikulo, adokotala akamamasula, mudzaime inuyo kutsogolo kwawo, pafupi. Anthu amati mphuno yathu ndi imodzi.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Girisi