Pilirani watchula dzina la chilombo

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Macheke. Amayi miyendo yawapepukirako, koma ine mtima suli m'malo chifukwa cha mwana wanu Pilirani.

Loweruka gule atatuluka pakomboni, iye analoza chilombo n'kufuula pamaso pa azimayi kuti, "Amenewo ndi asekuru Phiri, ndaona chala chawo chodukacho!" Akuluakulu a kudambwe akuti n'chipongwe, akufuna kumulanga Lamulungu.

Ndawerenga, ndipo anamwino akuvomereza: mwana akavulala ubongo, monga anavulalira iye atagwa pathirakitala, bala limapola koma kudzigwira pakamwa kumavuta kwa zaka zambiri. Koma akuluakuluwo ine sakundimvera poti ndine mkazi.

Chonde aimbireni agogowo, asekuru Phiri, muwafotokozere zimenezi Lamulungu lisanafike, ndipo mutumize chithunzi cha khadi lake lachipatala munapita nalo lija. Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Eneles