Chulu cha Choko pa Chitseko cha Bambo

Okondedwa Bambo,

Ndisananene zambiri, ndimve kaye za moyo wanu ndi wa amayi. Kodi msana uja ukukulolani kuwerama pa beseni? Nanga chifuwa cha amayi chinathadi, kapena akungonena choncho kuti musawatumize kuchipatala? Ine kuno ndili bwino. Ndanenepako pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti mukandiona mudzati Kasipoko akadali Kasipoko.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni muli nayo. Foni yanu ndimaidziwa. Imakhala m'chitini cha manati, ndipo ikalira mumayankha sipanala ili kudzanja lina. Zimene ndikufuna kunena sizingamveke choncho, komanso nditaziyamba pakamwa ndikhoza kuthera panjira. Ndiye pukutani m'manja, valani magalasi, mukhale pa benchi ya makasitomala ija.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Ntchito andikhazikitsa, kalata yafika Lachiwiri. Koma mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kubwerera kumeneko katundu ali pamutu, ndipo amene anandipulumutsa ndinu, ngakhale simukudziwa.

Paja ndinakuuzani kuti zaka ziwiri zoyamba pasukulu pano mphunzitsi amakhala akuyesedwa. Teremu ino anandipatsa kalasi yomaliza, ndipo tinafika pa mutu wina wa masamu umene ana amauopa. Dzina lake la m'buku ndi lachizungu, loluma lilime, koma nkhani yake ndi yapafupi. Pali nambala zina zimene munthu sangazidziwiretu, komabe angathe kudziwa kuti iyi imabwera kawirikawiri, iyo imabwera mwa apo ndi apo. Ntchito ya mwana ndi kupeza mwayi wa nambala iliyonse ndi kuona mmene mwayiwo wagawikira.

Ku koleji anatiphunzitsa mutu umenewu ndi madayisi. Nanenso ndinapeza madayisi, n'kuwagawira ana kuti akaponye kunyumba maulendo zana, azilemba nambala imene yatuluka. Tsiku limenelo ndinadziona wanzeru kwabasi.

M'kalasimo muli mtsikana wina amene anzake amamutcha Loya, chifukwa savomera kanthu asanatsutse kaye. Amayi ake, amene amaluka anthu tsitsi kumsika, anamupeza atakhala pansi ndi azing'ono ake awiri akuponya dayisi, kope lili pambali. M'mawa mwake anafika kuofesi ya ahedi, dayisi atalimanga pakansalu ngati chinthu chonyansa. Anati iwo mwana anamutumiza kusukulu, osati ku njuga, ndipo bambo a anawo anathera komweko, sakufuna wina awatsatire. Makolo ena anamva. Pofika Lachisanu ine ndinali nditasanduka mphunzitsi wa njuga.

Ndinakwiya, Bambo, koma mayi aja sindingawanene. Ine ndinkaona masamu, iwo ankaona chimene chinawapasulira banja.

Ahedi anatolera madayisi onse n'kuwatsekera m'dirowa. Anandiuza mosapita m'mbali kuti woyendera sukulu abwera Lolemba la sabata yachiwiri, adzakhala m'kalasi yanga pa mutu womwewu, ndipo lipoti lake adzaliika pambali pa dandaulo la makolo. Ziwirizo ndizo zidzanene ngati ndikhale kapena ndizipita.

Masiku atatu ndinayesa kuphunzitsa ndi bolodi yokha. Ndinalemba X wamkulu, kuti ndiye nambala yosadziwikiratu ija, n'kudzaza bolodi ndi zizindikiro. Ana ankakopera mwaulemu, nkhope zili ndii, osamva kanthu. Loya anafunsa kuti ngati X sitikumudziwa, tikuvutikiranji kumuwerengera. Ndinamuyankha kuti zili mu silabasi. Yankho limenelo linandichititsa manyazi ine mwini wake.

Tsopano ndafika povuta kulemba.

Mukukumbukira chithunzi chimene tinajambulitsa tsiku limene ndinabwera ndi gauni ya ku koleji? Munakana kukasintha zovala chifukwa panali njinga ya munthu ikudikira, ndiye tinaima pakhomo pa shopu, ine mu gauni, inu mu ovololo yanu yamafuta ija. Chithunzicho ndinachiika m'felemu patebulo langa. Koma ndinachipinda pakati, Bambo, kuti inu muzikhala kumbuyo. Aphunzitsi anzanga akafunsa za kwathu, ndinkati bambo anga ali ku kampani ya zamakina.

Ndikudziwa kuti mukudziwa. Chaka chatha mutabwera kudzandiona munanyamula felemuyo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Munangoti ndinaoneka bwino tsiku limenelo. Kenako munaibwezera pamalo pake, n'kutuluka kukakonza tcheni cha njinga ya aneba. Bola mukanandikalipira. Mawu ofatsa amenewo andiwawa chaka chathunthu.

Lachinayi masana nditaweruka ndinayamba kulongedza mabuku m'katoni, poti ndinali nditataya kale mtima. Ndinachotsa chithunzi m'felemu kuti ndichiike m'buku, ndipo chinatambasuka. Ndinakuonani inu, ndipo kumbuyo kwanu ndinaona chitseko cha shopu.

Inu mumachiona tsiku lililonse, ndiye mwina simudziwa mmene chimaonekera kwa munthu wina. M'munsi mwake munalemba manambala motsatana kuyambira ziro. Potseka shopu mumaika kamzere kamodzi ka choko pamwamba pa nambala ya matayala amene mwamata tsikulo. Timizereto timaunjikana, pakati n'kutalika, m'mbali n'kufupika. Ndili mwana ndinkati mukujambula chulu. Nditakufunsani munati mumafuna kudziwa kuti m'mawa mudule zigamba zingati, chifukwa kudula chigamba kasitomala ataima kumachedwetsa, ndipo mukadula zambiri zimangogwira fumbi, guluu n'kukana. Munati zisanu zimakwana.

Ndinakhala pansi pafupi ndi katoni ija. Chimene ndinakhalira zaka zinayi ku koleji chinali pachitseko chanu kuyambira ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Ndinathamangira kwa wa fotokope kuti akulitse chithunzicho. Koma tamvani mmene mwana wanu alili. Ndinamuuza kuti akulitse chitseko chokha. Anayesetsa ndithu, kungoti pojambulitsa paja munali mutagwira chitsekocho, ndiye dzanja lanu linatsalamo m'mphepete mwa pepala, zala zili bii ndi mafuta. Ndinati palibe amene adzalione.

Lolemba woyendera sukulu anafika, mayi wachikulire wosasekaseka. Anakhala kumbuyo, ahedi ali pambali pawo. Ine choko chinandigwa kawiri.

Ndinamata pepala lija pabolodi, n'kuwauza ana kuti ichi ndi chitseko cha munthu wokonza njinga. Ndinafotokoza za timizere, kenako ndinafunsa kuti mawa kubwera matayala angati. Wina anati atatu, wina anati awiri, wina anati zitengera misomali ya mumsewu. Ndinafunsa ngati alipo amene akudziwa motsimikiza, onse anapukusa mitu. Ndinawauza kuti nambala ya mawa imeneyo ndiye X uja. Ndinamva kalasi yonse ikupuma.

Anawo anabwera kutsogolo kudzawerenga timizere. Anapeza masiku 60, poti paja mumafufuta chitseko chikadzaza n'kuyambiranso. Pa masiku 16 munamata matayala atatu, pa masiku anayi simunamate ngakhale limodzi. Sindinawauze chochita, iwo okha analemba 16 pamwamba, 60 pansi, n'kunena kuti umenewo ndiwo mwayi wa matayala atatu. Anachita chimodzimodzi ndi nambala zina zonse, ndipo ataphatikiza mwayi wonse n'kupeza 1, mnyamata wina anaomba m'manja yekha ngati wagoletsa chigoli.

Titawerengera kuti pa tsiku mungayembekezere matayala angati, tinapeza pafupifupi 2.8. Loya anaimika dzanja. Anafunsa kuti ndi kasitomala uti amene amabwera ndi chidutswa cha tayala. Ana anafa nacho chiseko. Ndisanayankhe, mnzake wokhala naye desiki anamuuza kuti asayang'ane tsiku limodzi, ayang'ane masiku khumi, apeza matayala pafupifupi 28, onse athunthu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire chaka Loya anati wavomera.

Woyendera uja analankhula ali pampando. Anafunsa anawo kuti ngati nambala yobwera kawirikawiri ndi itatu, n'chifukwa chiyani mwini chitsekocho amadula zigamba zisanu, monga ndinali nditawauza. Loya anapita yekha pabolodi, anawerenga ndi chala, n'kunena kuti akadula zitatu zizimuperewera pafupifupi tsiku limodzi pa masiku anayi alionse, koma akadula zisanu zimuperewera masiku atatu okha pa 60 aja. Anati munthu ameneyu ndi wochenjera, sangagwidwe wamba.

Chala chake chikadali papepala, anasunthira m'mphepete.

"Madamu, nanga dzanja ili ndi la ndani?"

Bambo, lilime langa linali litakonzeka kale kunena kuti ndi la bambo ena ake a kwathu. Ahedi anali pomwepo, ndipo nkhani ya kampani ya zamakina ija anali ataimva kangapo. Ndinayang'ana zala zija. Ndinazindikira chala chimene chinapindika chaka chimene sipanala inakutererekani, chomwe munkandilozera nacho manambala pa kalendala. Ndinatsegula buku langa, n'kutulutsa chithunzi chenichenicho, n'kuchitambasula pamaso pa onse.

"Awa ndi bambo anga. Amamata matayala a njinga, ndipo phunziro la lero ndi lawo."

Palibe anaseka. Chiseko chimene ndakhala ndikuchiopa zaka zonsezi sichinabwere. Chithunzi chinayenda desiki ndi desiki, wina anati ndinatengera mphuno yanu, ndipo Loya anafunsa ngati angachite zomwezo ndi mitu imene amayi ake amaluka pa tsiku.

Titatuluka, woyendera uja anandifunsa kumene munaphunzira masamu. Ndinati munasiya sukulu muli wamng'ono, zonsezi munaziganiza nokha. Anapempha pepala lija kuti akaonetse aphunzitsi a m'sukulu zina. Ahedi anatsokomola, n'kunena kuti kampani ya zamakina ija ikuoneka kuti ili ndi akatswiri. Ndinafuna kulowa pansi, koma anali akumwetulira. Madayisi anga akadali m'dirowa mwawo, ndipo ndikukayika ngati sawaponya akakhala okha.

Amayi ake a Loya anabweranso sabata yatha. Ndinakumana nawo pageti. Anati tsopano mwana wawo wawadetsera chitseko ndi choko, ndipo sakudziwa kuti sukulu yathu ili ndi vuto lanji ndi nyumba yawo. Nditapepesa n'kunena kuti afufute, anati ayi, chikhale kaye, chikuwathandiza kudziwa ulusi woti anyamule popita kumsika. Tinasiyana tikuseka.

Ndiye ndalemba kuti ndithokoze. Zikomo chifukwa cha chitseko chija, zikomo chifukwa cha zigamba zonse zimene zinandifikitsa pa gauni, ndipo zikomo chifukwa tsiku lija munabwezera felemu patebulo osandichititsa manyazi. Ndalembanso kuti ndipepese. Ndinachita nanu manyazi, Bambo, ndipo ndinakubisani kawiri, koyamba m'felemu, kachiwiri kwa wa fotokope. Ndikhululukireni. Amayi akamva zimenezi andikalipira, ndipo muwasiye andikalipire, ndi zondiyenera.

Ndili ndi pempho. Pachitseko chija, kutali ndi chulu chonse, pali kamzere kamodzi kokha pamwamba pa 11. Ana akhala akukangana za tsiku limeneli kwa milungu itatu. Ena akuti galimoto inataya misomali mumsewu, ena akuti kunali mpikisano wa njinga, Loya akuti munalakwitsa kuwerenga. Ndawauza kuti ine sindikudziwa, ndipo amene akudziwa ndi mmodzi yekha. Ahedi avomera kuti mubwere mudzawayankhe nokha mayeso asanayambe. Shopu mutseke masiku awiri, muike timizere tiwiri pa ziro, palibe chimene chionongeke.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala amalize onse ngakhale akumva bwino. Moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa anzanu osoka nsapato a pafupi nanu aja, amene ankandibisira choko chanu ndikamafuna kujambula pansi. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo msanawo aupepuze.

Pobwera musavutike kubwereka jekete la achimwene. Muvale ovololo yomwe ija. Chithunzi chakale chili ndi mzere woyera pakati pa inu ndi ine, pomwe ndinachipinda, ndipo ndayesa kuchisita koma sukuchoka. Ndalankhula kale ndi wojambula, adzatijambula china pakhomo pa kalasi yanga. Felemu ndagula yaikulu, yokwana anthu awiri.

Ndine mwana wanu,
Kasipoko