Kuzizira komwe kunatenga bambo Felton

Barking, London
6 Epulo 2008

Okondedwa achimwene a Evance,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi, miyendo ija inaleka kutupa? Kuno ine ndi amuna anga a Harrison tilipo, koma mtima wanga sunakhazikike.

Paja mumaseka kuti ntchito yanga simuimvetsa. Kuno kutentha kumachita kugula. Kampani yathu imayang'anira mafulati, ndipo madzi otentha ofunditsa nyumbazo amachokera ku boyila imodzi yaikulu ya kampani ina, kudzera m'mapaipi apansi panthaka. Ine ndimalemba m'lipoti la pachaka kuchuluka kwa kutentha komwe tagula, poti masiku ano makampani amafunsidwa za utsi woononga mpweya.

Kumapeto kwa Febuluwale paipi yaikulu inaphulika ku Tottenham, mafulati athu n'kukhala ozizira masiku angapo. M'menemo munkakhala bambo Felton a kutchalitchi kwathu, amene anathawa kumudzi kalekale ndale zitavuta. Titawapititsira kahita ka magetsi, anakapereka kwa mayi wakhanda wa khomo loyandikana ndi lawo, n'kumatiuza kuti mwana wa ku Dedza saopa chisanu. Chibayo chinawagwira, ndipo anatisiya mwezi wathawu kuchipatala ku Edmonton.

Sabata yatha abwana anga, a Margaret, ataona kuti chaka chino tagula kutentha kochepa, anasangalala kuti utsi wachepa, n'kunena kuti tiziike patsamba loyamba. Ndinalimba mtima, ndinawauza kuti kutsikako n'chifukwa cha masiku aja, ndipo kuti munthu tinamuika m'manda. Ndinkangoti ntchito yathera pomwepo. M'malo mwake anandiuza kuti ndilembe chifukwacho pansi pa nambalayo. Ndalemba. Koma dzina la malemuwa anakana kuti lilowemo.

Pempho langa ndi ili. Ku Linthipe kuli mlongo wa bambo Felton, mayi Etta, amene mpaka lero sanamve. Ana a malemuwa Chichewa amangomva, kuyankha sangathe, ndiye akuopa kuti uthenga wotere angaupereke molakwika. Chonde achimwene, musatume munthu. Mukafike nokha, mukakhale nawo pansi. Mukawauze kuti mlongo wawo sanafe yekha. Tinali pambali pawo, ndipo tinawaimbira nyimbo zakwathu mpaka kumanda.

Mundiperekere moni kwa mayi, atsibweni, azakhali, alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Effie