Chigalimoto chofiira pakhomo panga

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi BP ya amayi yatsikako? Kuno ku Lucan, kudziko la eni, tonse tili moyo, koma mtima wanga sunakhale pansi.

Matenda a bambo a Tadala otolera malole akale aja afika poipa. Awiri amene amasunga ku Balbriggan aja sanawakwanire. Lachisanu nditatsika basi pochokera ku ntchito, ndinaona galimoto ya ozimitsa moto itaima pakhomo pathu, anthu ataizungulira. Inali nthawi yoti ana aweruka kale ndipo ali m'nyumba. Mukudziwa kuti kwathuko galimoto imeneyi ikamafika ndiye kuti nyumba yapsa kale. Ndinataya chikwama n'kuthamanga ndikuitana mayina awo, koma palibe anayankha. Ndinagwa pageti mawondo onse kusupuka. Mayi wina wa ku Zambia woyandikana nafe anandigwira, ine ndikulimbana naye kuti ndilowe ndikafere komweko.

Kenako Tadala anasuzumira pawindo la chigalimotocho atavala chisoti, akuseka. Bambo ake anatsika akupukuta manja, amvekere, "Amayi a Tadala, mukulira chiyani? Iyitu inapuma ntchito kalekale, ndagula ine."

Mpaka lero chigalimotocho chikadali pompo.

Inu ndinu ankhoswe anga. Muwaimbire foni bambo a Tadala, muwauze kuti pakhomo pano patsale chimodzi, ine kapena icho. Amayi musawauze, angadwale. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinati