Mchere wa Tamala

Dambwa North, Livingstone
14 Juni 2024

Okondedwa mlongo wanga Esinati,

Akimu Sakala, mlamu wanga uja, ndamva kuti akadali moyo ku Katete, ndipo mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Kalatayi musaibise, mukamuwerengere.

Mukukumbukira mmene mkazi wanga Tamala anadwalira. Anaonda, khungu linada, ngakhale nkhama ndi mizere ya m'manja. Akaimirira, chizungulire. Mchere ankanyambita ngati shuga. Akimu atangotsika basi anati ndi mdulo, ati ine ndinayenda ndi akazi ena, ndamudula mlongo wake. Analamula kuti mchere uchoke m'nyumba. Tamala ankalira, "A Dabwitso, pang'ono chabe," Akimu ali khale pakhomo. Tsiku lina anasanza, anakomoka, osadzukanso. Kumanda anandiletsa kuponya dothi. Inunso simunandiyang'ane kumaso, ndinaona.

Chaka chino mwana wathu Purity anayamba chimodzimodzi. Anzake akuntchito ku eyapoti anati ndi dzuwa, aneba akunong'ona za kachilombo. Ndinapita naye kuchipatala. Dokotala Munsaka atapima magazi anati, "Ba Dabwitso, iyi ni Addison. Pamwamba pa impso pali tinthu tiwiri tamene tithandiza thupi kusunga mchere na mphamvu. Twake twaleka kusebenza."

Ndinamuuza za amake. Anati, "Munthu amene sin'napime siningalumbire, koma vizindikiro ni vamene ivo. Nanga mchere munali kubapatsa?"

Ndinati tinawamana. Anangogwira pakamwa.

Nayenso ndinamukayikira, poti madokotala a masiku ano sasowa dzina la Chingerezi. Koma Purity akumwa mapilitsi tsiku lililonse, akudya, wabwerera kuntchito. Akuti asadumphitse mpaka kale, ndipo akasanza kapena kutentha thupi, tithamange naye akabayidwe jakisoni.

Mwanayu anakula akumva kuti ndinapha amake. Mpaka lero amandiikira chakudya n'kutuluka. Anamuuza ndani, Esinati? Paja tchuthi ankachitira kwanu.

Moni kwa alamu ndi ana. Moni kwa amene anandikhulupirira, ngati alipo.

Miyendo yatha, masiku anga ndi ochepa. Sindifuna mbuzi kapena nkhuku. Akimu akwere basi yomwe ija, adzaime pamanda a Tamala, Purity akumva, anene ndi pakamwa pake kuti Dabwitso sanadule munthu. Ndipo dothi lija ndidzaponye.

Ndine mlongo wanu,
Dabwitso Tembo